Kufufuza munthu musanamupatse ana a mumpingo, ndondomeko yake ndi iyi

Funso ili ndalimva kokwanira. Pa foni, pa WhatsApp, pena mpaka pa maliro munthu kukukokera kuseri kwa nyumba kuti "akulu, kwathu kuli mnyamata wadzipereka kuti aziphunzitsa Sande sukulu, nde timufufuze bwanji koma osamukhumudwitsa?" Nde ndati ndingolemba kamodzi, wina akafunsanso ndizingomuponyera zomwezi. Ndikulemba ndili kuno ku Kasungu ndipo zitsanzo zanga ndi zakonkuno, koma kaya ndinu a CCAP, a Katolika, a Seventh Day, a Pentekosite, kaya si zatchalitchi mumangoyendetsa kalabu ya achinyamata kapena timu ya mpira ya ana, ndondomeko ndi yomweyi.

Tigwirizane kaye zinthu ziwiri. Choyamba, mwana ndi aliyense amene sanakwanitse zaka 18, malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti zikhale choncho. Nde mtsikana wa Fomu 3 uja amatsogolera nyimbo mu kwaya, olo thupi litakula bwanji, ndi mwana. Chachiwiri, musamangoganiza za atsikana okha. Kafukufuku wa boma wa 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa 5 aliwonse komanso mnyamata mmodzi mwa 7 aliwonse anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanafike zaka 18. Ndipo wochita zimenezi kawirikawiri si munthu wachilendo wobisala m'chimanga ayi, amakhala munthu woti mwanayo amamudziwa, woti makolo amamupatsa moni ndi manja awiri.

1. Lembani kaye onse amene amakhala ndi ana

Anthu akamva za kufufuza amangoganiza za mphunzitsi wa Sande sukulu basi. Tengani pepala mulembe aliyense amene amatha kutsala ndi mwana kholo lisali pafupi, muona kuti mndandanda wake ndi wautali. Aphunzitsi a kalasi, a Tilitonse kwa anzathu a Katolika, otsogolera ma Pathfinder (gulu la ana la a Seventh Day), kwayamasitala ndi woimba kiyibodi, alangizi a chilangizo, alezi a pa CBCC ija timati sukulu ya mmera mpoyamba, kochi wa mpira. Kenako onjezerani aja timawaiwala nthawi zonse: mlonda wa pa tchalitchi, dalaivala wa lole yopita ku msonkhano, ophika pa kampu, mnyamata wa zokuzira mawu amene amasunga makiyi a vestry. Alendo ochokera kunja obwera ndi mabungwe kudzakhala masabata awiri nawonso alowe pa mndandanda, khungu loyera si chiphaso.

2. Lamulo libwere kaye, ndipo ayambe ndi akuluakulu

Musayambe kufufuza chifukwa pali munthu wina amene mukumukayikira. Mukatero aliyense adziwa kuti lamuloli mwapangira uje, nde isanduka nkhondo ya mabanja. Nkhaniyi ipite ku bwalo la akulu a mpingo, kaya khonsolo ya parishi kaya bodi, ilembedwe mu maminitsi, kenako ilengezedwe mu tchalitchi masabata angapo motsatizana kuti kuyambira mwezi wakuti aliyense wogwira ntchito ndi ana azidutsa mu ndondomeko iyi, wakale ndi watsopano yemwe.

Oyamba kudzaza fomu akhale abusa, mayi busa, mlembi wa mpingo ndi akulu a mpingo. Abusa akaimirira kutsogolo n'kunena kuti "yanga ndadzaza kale iyi", mnyamata wa kwaya alibenso ponyinyirikira. Koma mukawasiya akuluakulu n'kumapanikiza anyamata okha, anthu aona msanga kuti ndi sewero.

Sankhani komiti ya anthu atatu. Pakhale mayi, ndipo osati mayi wongobwera kudzakwanitsa chiwerengero, mayi woti atha kumuuza mkulu wa mpingo pamaso kuti ayi. Atatuwo asakhale a banja limodzi. Ngati amene akufufuzidwa ndi mphwake kapena mlamu wa mmodzi wa iwo, ameneyo apatuke kaye alowe wina.

3. Wobwera kumene adikire miyezi 6

Nambala iyi si ya m'malamulo a boma, ndi mmene ndimalangizira ineyo, ndipo ndimaumirira chifukwa kuno ku Kasungu anthu amayenda heve. Matenanti ndi akapitawo a m'maesiteti a fodya amabwera nyengo imodzi kenako ulendo, msika wa fodya ukatsegulidwa pa Chinkhoma pamadzaza anthu a maboma onse, kuli aphunzitsi osamutsidwa, ophunzira a pa koleji ya aphunzitsi (TTC), ochita geni mu M1. Ambiri ndi anthu abwinobwino, vuto n'loti simunawadziwebe.

Timagwa chifukwa antchito ndi ochepa. Munthu wangobwera Lamulungu lachiwiri, waimirira kuti "ine kwathu ndinali tcheyamani wa achinyamata", kiyibodi akuidziwa, basi tamuombera m'manja tamupatsa makiyi. Wina mu komiti anena kuti mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Zoona, koma kalumoko pakatha miyezi 6 kakhala kakuthwabe. Pakadali pano apemphere nanu, athandize kuumba njerwa, aimbe mu kwaya ya akuluakulu. Amene akufunitsitsa ana okhaokha ndipo ntchito ina iliyonse akuikana, muikeni m'maso.

4. Fomu ndi chiphaso cha unzika

Fomu isakhale ya masamba asanu ya Chingerezi yokopera ku bungwe lina. Tsamba limodzi, m'Chichewa. Mukhale dzina la pa chiphaso, dzina limene amadziwika nalo m'mudzi kapena pamsika, mfunda wake, mudzi, mfumu ndi T/A wa kwawo, malo onse amene wakhalako zaka 5 zapitazi, mipingo kapena masukulu amene anagwirako ntchito ndi ana ndi chifukwa chimene anachokerako, komanso maina a anthu atatu omuchitira umboni amene si abale ake. Dzina lodziwika nalo musalinyozere, mukaimba foni kwawo n'kutchula dzina la pa chiphaso pena akuuzani kuti sitikumudziwa, pomwe mudzi wonse umamudziwa ndi dzina lina.

Pakhalenso funso lachindunji: kodi munayamba mwanenezedwapo, kuitanidwa kwa mfumu, ku bwalo la mpingo kapena ku polisi pa nkhani yokhudza mwana? Osangoti "munamangidwapo", chifukwa nkhani zambiri sizifika ku khoti. M'munsi alembe kuti akuvomera kuti komiti ifunse za iye kulikonse kumene wakhalako, asayine, ngati salemba adinde chala. Akakana kusayina mbali imeneyi ndondomeko yathera pompo.

Chiphaso cha unzika chija a NRB anayamba kupereka mu 2017, ndipo aliyense wa zaka 16 kupita m'mwamba amayenera kukhala nacho. Muchione chenichenicho m'manja mwanu, muyerekeze nkhope, mulembe nambala. Chithunzi cha pa foni kapena fotokope yakuda bii musalandire.

5. Khalani naye pansi mucheze

Komiti yonse, masana, pamalo poti mukhoza kulankhula momasuka. Si mayeso a Baibulo, mavesi aliyense atha kuloweza. Mufunseni zinthu zoti ziwonetse mmene amaganizira. Mwana wachita mwano pakati pa phunziro, mutani? Mwana wakuuzani chinsinsi n'kuti musauze munthu, mutani? Mtsikana wa zaka 16 wayamba kukulemberani mameseji usiku kuti amakukondani, mutani?

Funso lomalizali ndi limene limavundukula zambiri. Woyenera amati ndikauza akomiti kapena makolo ake mawa lomwe. Amene akuti "ndingamuitane ndimulangize ndekha" sanamvetse, mwina angaphunzitsidwe. Koma amene wayamba kuseka n'kumati "atsikana a masiku ano nawonso amaziyamba dala, munthu utani", ameneyo wakuuzani kale amene adzamuloze chala zikadzachitika.

6. Funsani kumene wachokera

Apa nde pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene makomiti ambiri amalumpha chifukwa pamafuna mayunitsi, thiransipoti ndi kulimba mtima.

Munthu abwera ndi mapepala awiri, nonse mukuwadziwa. Loyamba ndi kalata yosamukira ya ku mpingo. Kalata imeneyi imangonena kuti ndi mkhristu wathu, amadya mgonero, mulandireni. Sinena kuti anasiyitsidwa kutsogolera kwaya chaka chatha makolo atadandaula. Lachiwiri ndi kalata ya amfumu, ija yolembedwa pa tsamba long'amba mu kope, sitampa yofiirira pansi, yoti "uyu ndi mwana wanga wa m'mudzi muno, alibe vuto lililonse, muthandizeni". Amfumu amalembera mwana wa m'mudzi aliyense choncho, ndi ntchito yawo, ndipo pena nkhani ija inathera pabwalo lawo lomwelo, mbuzi inaperekedwa, anthu anagwirana chanza, nde kwa iwo vuto kulibedi. Mapepalawa alandireni, asungeni, koma musaganize kuti mwafufuza.

Tisanamizane, m'mipingo mwathu muli chizolowezi chosamutsa munthu mwakachetechete. Nkhani ikatuluka timaopa manyazi, timaopa kuti dzina la mpingo liipa, nde timamuuza kuti bwanji mungochoka, kalata tikulemberani yabwino. Iye uja atsika basi kwina, kalata m'manja, n'kupeza inu mukusowa mphunzitsi wa Sande sukulu.

Nde chitani izi. Anthu atatu amene walemba pa fomu aimbireni, koma dziwani kuti anawasankha yekha, nde musalekere pomwepo. Nambala ya abusa kapena mlembi wa mpingo umene wachokera muipeze nokha, kudzera ku ofesi ya presibitare, ku parishi kapena kwa abusa anu amene amadziwana ndi anzawo. Nambala yopatsidwa ndi mwini wake mutha kupezeka mukulankhula ndi msuweni wake akudzitcha mkulu wa mpingo. Kenako pezani munthu mmodzi amene iye sanamutchule n'komwe, ndipo ngati n'kotheka akhale mayi. Wapampando wa chigwirizano cha amayi, mayi wa mother group pa sukulu ya kumeneko, mlangizi wa zaumoyo, ahedi. Amayi amadziwa nkhani zimene sizinafike mu maminitsi, amadziwa kuti mwana wa uje anasiya kwaya mwadzidzidzi ndipo anatumizidwa kwa azakhali ake ku Lilongwe. Woimba foni kwa mayi akhalenso mayi wa mu komiti yanu, bambo wachilendo sangauzidwe zimenezo.

Ngati ndi pafupi, kaya ndi ku Chamama, Santhe, Chulu kapena Nkhamenya, pitani ndi miyendo. Pa foni munthu amafulumira, amaopa kuti mukumujambula mawu, koma mukakhala pakhonde amamasuka. Mpingo uike kandalama ka zimenezi mu bajeti, musamadalire thumba la mlembi.

Kafunsidwe kake ndi kofunika kwambiri. Mukangoti "munthuyu ndi wabwino?" yankho ndi "eee ndi wabwino", mwataya mayunitsi. Yambani ndi kudzifotokoza, munene kuti mwini wake wasayina kuvomera kuti mufunse, ndipo zimene anene sizikafika kwa iye ndi dzina lawo. Kenako pang'onopang'ono: mwamudziwa zaka zingati? Ankagwira ntchito yanji ndi ana? Anasiya yekha kapena anasiyitsidwa? Panali kholo limene linadandaulapo, olo nkhaniyo inatha? Atabwerera kwanuko mungamupatsenso ana? Ndipo lomaliza, lifunseni mosathamanga: mwana wanu weniweni wa zaka 12 mungamusiye ndi munthu ameneyu nyumba yonse kuli zii?

Mukafunsa limenelo khalani chete. Musamuthandize kuyankha. Munthu amene alibe nkhawa amayankha nthawi yomweyo, "aaa uja? olo mawa". Koma mukamva kaye kupuma, kenako kakuseka kouma, kenako mawu ngati awa, tcherani khutu:

"Aaa, ndi munthu ndithu."
"Tonse ndife ochimwa abale."
"Zinalipo koma ndi zakale, analapa."
"Zinatha pachiweniweni."
"Ine sindifuna kuwononga tsogolo la munthu."
"Ingomuyang'anirani bwino."

Mmalawi sakonda kunena mnzake poyera, makamaka kwa mlendo, nde akakuuzani kuti "ingomuyang'anirani" wakuuzani zambiri. Musakakamize kuti atchule dzina la mwana, simukulifuna. Ingofunsani kuti "zimene mukunenazi zikukhudza ndalama, mowa, kapena ana?" Funso limeneli limamupatsa mpata woyankha ndi liwu limodzi popanda kumva ngati wachita miseche.

Tsono mbali inayo, chifukwa nayonso ilipo. Nsanje m'mipingo ndi yosayamba, anthu amakanganirana maudindo, malire a munda, ngongole za banki mkhonde, nde si zonse zimene mumve zili zoona. Mukamva nkhani kwa munthu mmodzi funsani kuti waiona yekha, anali nawo pa zokambirana, kapena anangomva. Pezani wachiwiri amene si mnzake wa woyambayo. Lembani tsiku, amene mwalankhula naye ndi mawu amene ananena, osati maganizo anu. Kenako muitaneni mwini wake mumufunse mosatchula amene wakuuzani, kuti tamva kuti kumene munali kunali nkhani, tafotokozani. Ngati pa fomu analemba kuti sananenezedwepo koma tsopano akuvomera kuti "inalipo koma anandinamizira", bodza la pa fomulo palokha ndi lokwanira kumukaniza. Ndipo kumbukirani kuti inu si khoti. Simukugamula kuti ndi wolakwa, mukungosankha amene mumupatse ana. Pakatsala chikayiko chenicheni pa nkhani ya ana, yankho ndi ayi.

Pali mtsutso umene umabwera nthawi zonse, woti munthu analapa, anadulidwa, anabwezeretsedwa, nde ife ndife ndani kuti timukanize. Palibe akumukaniza tchalitchi. Apemphere, adye mgonero ngati bwalo lamubwezeretsa, asenze matumba a simenti pa chitukuko. Koma ana ayi. Msungichuma amene anadya chopereka timamukhululukira koma sitimubwezera buku la ku banki, ndipo palibe amati tamuweruza. Wolapa zenizeni amamvetsa yekha, amene akulimbana nanu kuti abwerere kwa ana ndi amene akuwonjezera mantha.

Tsiku lina foni idzalira kwa inu, mpingo wina ukufunsa za munthu amene anachoka kwanu. Nenani zimene mukudziwa ndi zimene zinalembedwa, osawonjezera mchere: anasiyitsidwa mwezi wakuti, pa dandaulo lokhudza mwana, sitingamupatsenso ana. Zokwanira.

7. Police clearance

Ichi ndi chikalata cha apolisi chosonyeza ngati munthu ali ndi mbiri ya milandu m'mabuku awo. Amadinda zala, ndipo zalazo zimakaunikidwa ku likulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe. Yambirani pa polisi ya pa boma, akuuzani ndondomeko ndi mtengo wa panopa, mukalipira tengani risiti. Yambani msanga, osati kampu ili Lachisanu inu mukuthamanga Lachiwiri.

Kwa olembedwa ntchito yolipidwa, mlonda, mphunzitsi wa nazale ya mpingo, metironi wa hositelo, dalaivala, komanso aliyense wokagona ndi ana ku kampu, ine ndimati chikhalepo basi. Kwa wodzipereka wa ku tchalitchi cha kumudzi amene ngakhale ya sopo ikumuvuta, mpingo umulipirire, ndipo ngati mpingo sungathe, musasiye ndondomeko yonse chifukwa cha pepala limodzi, limbikirani gawo 6 lija lofunsa kumene wachokera.

Cholakwika chachikulu ndi kuganiza kuti pepalali likatuluka loyera nde munthu ndi woyera. Limangowonetsa zimene zinafika m'mabuku a polisi. Nkhani imene inathera kwa mfumu, ku bwalo la mpingo kapena pa mkeka wa ankhoswe simuipezamo. Onaninso kuti dzina likufanana ndi la pa chiphaso komanso kuti si la zaka zitatu zapitazo. Munthu amene wakhala nthawi yaitali ku Zambia, ku Mozambique kapena ku Joni, pepala la kuno silinena za kumeneko, a ku Mchinji amene Chipata ili pakhomo izi mukuzidziwa bwino. Alendo ochokera kunja abwere ndi la dziko lawo. Komanso si mlandu uliwonse umene umatseka chitseko. Amene anagwidwapo ndi makala ali mnyamata si chimodzimodzi ndi amene anamangidwa chifukwa chogwiririra, kumenya mkazi kapena kuzembetsa ana. Oterewa palibe zokambirana.

8. Kugamula ndi kusunga mapepala

Atatu a mu komiti aja agwirizane, alembe chiganizo, asayine. Pomukana munthu musachite kulengeza, muitaneni pambali awiri a komiti, mumuuze kuti pa ntchito ya ana sizitheka koma ntchito zina zilipo. Mafomu akhale mu kabati yokhoma, kiyi kwa anthu awiri. Chonde chonde musajambule fomu ya munthu n'kuponya pa gulupu ya WhatsApp ya akulu a mpingo, pofika madzulo ikhala ili pamsika, ndipo mawa palibenso mboni imene idzakuuzeni zoona.

9. Mwamulandira, koma maso asagone

Kufufuza kumagwira amene ali ndi mbiri, woyamba kumene sikungamugwire. Nde pakhale malamulo a pa ntchito oti aliyense asayine, ndipo miyezi itatu yoyamba azigwira limodzi ndi wakale.

Lalikulu ndi loti wamkulu asakhale yekha ndi mwana pamalo obisika. Akuluakulu awiri nthawi zonse, ndipo asakhale mwamuna ndi mkazi wake okhaokha. Kulangiza mwana kuchitike poonekera, pansi pa mtengo anthu akudutsa, osati mu vestry chitseko chotseka. Kutuma ana kunyumba kwa mphunzitsi kuti akasese, akatunge madzi kapena akaphike, zimene tinazolowera ngati ulemu, zithe. Nkhani zambiri zimayambira pamenepo. Kwaya iweruke dzuwa lisanalowe. Mapemphero a usiku wonse ana apite ndi makolo awo. Ku kampu anyamata kwawo atsikana kwawo, wamkulu asagone mphasa imodzi ndi mwana, ndipo kholo lisayine kuti lalola. Kupempherera mwana wodwala kapena amene akuti ali ndi ziwanda kuchitike kholo lili pompo, zoti "tulukani kaye nonse" ayi.

Za mafoni: uthenga upite pa gulupu kapena kwa kholo. Wamkulu amene akugulira mwana mmodzi mayunitsi, kumupatsa ya sopo mobisa, kumulipirira fizi makolo osadziwa, kumukweza njinga yamoto yekhayekha n'kumamuuza kuti "usauze anthu angachite nsanje", akumuzoloweza pang'onopang'ono, ndipo poti zimaoneka ngati chifundo anthu amamuyamikira. Wofuna kuthandiza mwana adutse ku komiti ndi kwa makolo.

Anawo auzidwe malamulowa m'chilankhulo chawo, adziwe mayi ndi bambo amene angakawauze china chikawavuta. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu aliyense adzazenso fomu.

10. Nkhani ikatuluka

Mwana akakuuzani, mumvetsereni, musamukalipire, musamufunse kuti nawe unkatani kumeneko, ndipo musamulonjeze kuti simuuza munthu. Lembani mawu ake mmene wanenera. Osamuitanira woganiziridwayo kuti ayankhulane pamaso pa akulu a mpingo, mwana amangozizira n'kubweza mawu.

Ngati wagwiriridwa, chipatala kaye, tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV aja amati PEP amagwira ntchito akayambidwa maola 72 asanathe, ndipo kuli mankhwala oteteza mimba amene nawonso amafuna changu. Ngati zangochitika kumene asasambe kaye ndipo zovala zisachapidwe, zitengeni. Kenako ku polisi, funsani ofesi ya Victim Support Unit, ndipo dziwitsani a social welfare pa boma kapena wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndi ya nkhani za ana, ndipo 5600 ndi ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Mukasowa poyambira imbani pamenepo akuuzani kolowera.

Woganiziridwayo aime kaye pa ntchito ya ana tsiku lomwelo mpaka nkhani ithe, kaya ndi mwana wa abusa kaya ndi amene anagula malata a tchalitchi. Bwalo la mpingo lichite zake za uzimu, koma silingalowe m'malo mwa polisi. Kugona ndi mwana ndi mlandu woti chilango chake chimafika mpaka moyo wonse kundende, si nkhani ya mbuzi kapena yokwatitsa mwanayo kuti manyazi athe, ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 malamulo amakana. Ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapereka udindo kwa osamalira ana ndi anthu a m'dera kuti akanene akadziwa kuti mwana akuchitidwa nkhanza, nde komiti imene yakhalira nkhani nayonso ikudziika m'mavuto.

Manambala awiri aja, pamodzi ndi ya polisi yapafupi ndi maina a mayi ndi bambo olandira madandaulo, alembeni ndi maka pa pepala lalikulu mumate pa khomo la tchalitchi ndi pamene ana amaphunzirira, m'munsi ndithu poti mwana wa Sitandade 4 atha kuwerenga ataimirira.